Mulanje, Mwala Wokama Mitambo

Mapiri ambiri amayamba ndi zitunda. Munthu amakwera pang'onopang'ono, mtunda uwu kenako uwo, mpaka kuzindikira kuti wafika pamwamba. Phiri la Mulanje silitero. Ukamachokera ku Limbe pa msewu wa Midima, dziko limakhala lathyathyathya, minda ya chimanga ndi nandolo mbali zonse, njinga zonyamula matumba zikuyenda m'mphepete mwa msewu. Kenako kutsogoloko kumaoneka khoma la mwala lochoka pansi mpaka kukabisa mutu m'mitambo. Alendo amaimitsa galimoto kuti ajambule. Eni dera amangopitiriza ulendo, koma nawonso ukawayang'anitsitsa uona kuti maso awo amapita komweko, chifukwa phirilo ndi limene limawauza ngati kugwe mvula lero, ngati chinangwa choyanikidwa panja chiume, ngati mwana avale juzi popita kusukulu.

Boma la Mulanje lili ndi anthu oposa 680,000 malinga ndi kalembera wa mu 2018. Kummawa ndi kummwera limachita malire ndi Mozambique, kumadzulo kuli Thyolo ndi Chiradzulu, ndipo kumpoto kuli Phalombe, amene mpaka mu 1998 anali mbali ya boma lomweli. Pamapu mungaone mayina a mafumu monga Mabuka, Chikumbu, Njema, Nkanda, Juma ndi Nthiramanja, misika monga Chitakale ndi Limbuli, ndi chipata cha Muloza chotulukira ku Milange. Zonsezi zakhala mozungulira mwala umodzi, ndipo ine ndikuona kuti palibe chimene munganene cha boma limeneli, kaya ndi tiyi, kaya ndi mitundu ya anthu, kaya ndi maliro a namondwe wa mu 2023, chimene sichibwerera ku mwalawo.

Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, mwala wosungunuka ndi kutentha unakwera kuchokera pansi penipeni pa dziko. Sunaphulike n'kutayikira kunja. Unaima m'kati mwa miyala ina yakale, n'kuzizira mwakachetechete mumdima, n'kuuma gwa. Pamwamba pake panali nthaka ndi miyala yofewerapo. Mvula inagwa, dzuwa linawomba, mitsinje inakokolola, chaka ndi chaka, mpaka zofewazo zinatha ndipo cholimbacho chinatsala chili chiimire. Choncho phiri limene tikuliona lero silinaunjikidwe. Linavundukulidwa. Pamene pali minda ya anthu lero, nthaka inali pamwamba kwambiri, ndipo madzi ndi amene anaichotsa kanthu pang'ono pang'ono, popanda khasu, popanda wowerenga masiku. Ndikaganiza za kuleza mtima kumeneku ndimachita mantha. Ife timatopa kudikira mango kuti apse, koma Namalenga anagwira ntchito ya phiri limodzi kwa nthawi imene ngakhale mibadwo yonse ya anthu itaikidwa pamodzi siingafikeko.

Chigwa chozungulira phirili chili pa mamita 600 kapena 700 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Kuchokera pamenepo makoma amakwera mpaka kufika pa madambo a pamwamba, pa mamita pafupifupi 2,000, kumene kuli udzu, timitsinje tozizira ndi nkhalango zobisala m'zigwembe. Pamwamba pa madambowo pamayambanso mapiri ena, nsonga zoposa 20 zopitirira mamita 2,500. Yaitali pa zonse ndi Sapitwa, mamita 3,002. M'Malawi monse, m'Zambia, m'Zimbabwe ngakhale m'Mozambique mulibe malo ena okwera kufika pamenepo. M'miyezi ya June ndi July madzi amaundana usiku pamwambapo, pamene ku Nsanje, mtunda wosatalika kwenikweni, kuli kofundirapo. Khoma la kumadzulo la nsonga ya Chambe ndi mwala umodzi wotalika mamita pafupifupi 1,700, ndipo okwera miyala ndi zingwe amabwera kuchokera kutali kudzaliyesa.

Koma kutalika si ndiko kodabwitsa kwambiri. Chodabwitsa ndi ntchito imene mwalawu umagwira. Mphepo yochokera ku nyanja ya Indian Ocean imadutsa dziko la Mozambique itasenza chinyezi, ndipo ikafika pa Mulanje imapeza njira yatsekeka. Imakakamizika kukwera. Ikakwera imazizira, ikazizira chinyezi chija chimasanduka mtambo, ndipo mtambowo sungapitirire usanasiye madzi. Phiri limakama mitambo monga mmene munthu amakamira ng'ombe, tsiku ndi tsiku, ngakhale m'miyezi imene kwina konse m'dziko muno kuli fumbi lokhalokha. Ndiye chiperoni chimenecho, mvula yowaza yosadziwa kukata, yobwera ndi nkhungu ndi kuzizira kolowa m'mafupa m'miyezi ya May mpaka August, yochokera mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique. Ana asukulu amadana nacho, amayi ochapa zovala amadandaula nacho, koma popanda icho Mulanje sakanakhala wobiriwira. Mbali ya kummwera kwa phiri imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka. Mbali ya ku Phalombe, kuseri kwa khoma lomwelo, imalandira yochepa kwambiri, chifukwa mphepo imafika kumeneko itakamidwa kale. Phiri ndi limodzi, koma mlimi wa ku Lujeri ndi mlimi wa ku Migowi amayang'ana kumwamba ndi nkhawa zosiyana.

Madzi okamidwawo amatsika. Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, Muloza, Sombani, Phalombe: yonseyi imabadwira pamwamba pomwepo. Taganizirani madontho awiri ogwa pa thanthwe limodzi, motalikirana phazi limodzi lokha. Lina litsetserekera kummwera, lilowa mu Ruo, liyenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, likumana ndi Shire pa Chiromo, lilowa mu Zambezi, mpaka kubwerera kunyanja yamchere kumene linachokera. Linzake litsetserekera kumpoto, lilowa mu mtsinje wa Phalombe, n'kukathera m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe potulukira. Kumeneko lidyetsa matemba ndi mpunga, kenako dzuwa lidzalitenga. Amene amagawa madonthowa ndi kupendekeka kwa mwala kochepa kwambiri moti diso silingakuone. Msodzi wa ku Chilwa, wothyola tiyi wa ku Mimosa, mayi wa ku Bondo amene nyumba yake imawala ndi magetsi opangidwa ndi madzi a Lichenya, ndiponso munthu wa mumzinda wa Blantyre amene mpopi wake umalandira madzi otapidwa ku Likhubula, onsewa amamwa chikho chimodzi ngakhale sadziwana.

Mwala wokha sungasunge madzi. Mvula ikagwa pa thanthwe lopanda kanthu imathamanga tsiku lomwelo, mawa lake mtsinje wauma. Chimene chimachititsa kuti Likhubula aziyendabe mu October ndi nkhalango ndi udzu wa pamwamba. Lowani m'nkhalango ina ya m'zigwembe za Lichenya m'mawa kuli nkhungu. Mvula siikugwa, koma mumva madzi akudontha ponseponse. Nthambi iliyonse yavala ndere zotuwa zolendewera, thunthu lililonse lakutidwa ndi zomera zofewa zobiriwira, ndipo zonsezi zimagwira nkhungu ikamadutsa, n'kuisandutsa madontho. Madonthowo amagwera pa masamba ofota a zaka zambirimbiri, amalowa pansi, ndipo nthaka imawatulutsa pang'onopang'ono m'akasupe miyezi ikubwerayo. Palibe injiniya amene anajambula zimenezi. Kanthu kakang'ono kopanda mizu, kamene mwana angakathothole ndi zala ziwiri, kali ndi gawo pa madzi amene mzinda waukulu ukumwa.

M'nkhalango zomwezi mumakhala zamoyo zimene kwina kulikonse padziko lapansi kulibe. Muli nanzikambe wa mtundu wakewake amene asayansi anamutcha Nadzikambia mlanjensis. Muli achule ang'onoang'ono, abuluzi, agulugufe ndi maluwa amene dziko lawo lonse ndi phiri limeneli basi. Kwa iwo chigwa chotentha cha pansi ndi malire osawolokeka, ndipo akhala pamwambapo kwa mibadwo yosawerengeka, akusintha mwa njira yawoyawo. Nkhalango imodzi ikapsa ku Mulanje, pali zolengedwa zimene zilibe kwina kothawira, ndipo palibe kumene tingakazitengenso.

Mfumu ya zonsezi ndi mkungudza, umene ambiri amangouti sida. Mwachilengedwe mtengowu umamera pa phiri la Mulanje pokha. Umatha kutalika mamita 40, thunthu lake lowongoka, khungwa lake lokhuthala ndi long'ambikang'ambika. Amene anagwirapo thabwa lake saiwala fungo lake. Bokosi losemedwa ndi mkungudza limanunkhirabe patapita zaka makumi angapo, ndipo mafuta amene amabweretsa fungolo ndi omwe amachititsa kuti chiswe chisaudye ndiponso kuti usawole m'madzi. Alexander Whyte, amene ankagwira ntchito ndi boma la atsamunda, anatenga zitsanzo zake mu 1891, ndipo dzina la sayansi la mtengowu, Widdringtonia whytei, linachokera kwa iye. Mu 1984 mtengowu unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi.

Moyo wa mkungudza ndi wovuta kuumvetsa. Kambewu kake sikamera mumthunzi wa nkhalango yowirira. Kamafuna kuwala, m'mphepete mwa nkhalango kapena pamene moto unadutsa n'kusiya poyera. Koma kamtengo kakamera, moto wotsatira umakapha, ndipo chitsa chake sichiphukanso. Ndiye kuti mtengowu umafuna moto ubwere kamodzi, kenako usabwerenso kwa zaka zambiri. Kwa nthawi yaitali phiri linkaupatsa zimenezo. Moto wa mphezi unkabwera mwa apo ndi apo, ndipo pakati pake timitengo tinkapeza mpata wokula. Lero moto wa osaka nyama ndi otentha tchire umayaka chaka chilichonse.

Ubwino wa mtengowu ndi umene unauitanira sowo. Atsamunda anayamba kucheka, boma lathu linapitiriza kupereka ziphaso, ndipo pambuyo pake ocheka mozemba anamaliza. Matabwa ake anapita ku madenga a nyumba, ku mipando, ku maboti a kunyanja. Aliyense amene anakwerapo njira ya Likhubula zaka za m'mbuyomu anakumana nawo anyamata akutsika ndi matabwa aatali pamutu, ena opanda nsapato, akuthamanga pa miyala yoterera chifukwa cha ndalama yosakwana n'kugula thumba la chimanga. Ine sindiwaweruza anyamata amenewo. Amene analemera ndi mkungudza sanasenzepo thabwa ngakhale limodzi. M'zaka za m'ma 1980 kunabweranso nsabwe za m'mitengo zochokera kunja zimene zinaumitsa mitengo yambiri, ndipo paini amene anabzalidwa pamwambapo anafalikira n'kulanda malo. Pofika mu 2017, ofufuza atayendera phiri lonse anapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza 7 yokha. Mtengo wa fuko lonse, mitengo 7. Mtengo umene unapirira mphezi, chisanu ndi chilala kuyambira kale anthu asanafike kuno, ife tinaumaliza m'zaka zongopitirira 100.

Anthu akuyesetsa kuubweza. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi nthambi ya zankhalango ndi midzi yozungulira phiri, lakhala likufesa mbewu m'manazale ndi kubzala timitengo tambirimbiri pamwamba. Mbewu zina zimachokera ku mikungudza imene inabzalidwa kale pa phiri la Zomba. Amayi amene amathirira timachubu timeneti akudziwa kuti sadzauona mtengowo utakula. Mkungudza umafuna zaka makumi ambiri. Pa ntchito zonse zimene zikuchitika m'boma la Mulanje, imeneyi ndi imene ndimailemekeza koposa.

Mbiri ya anthu a kuno nayonso inatsata madzi ndi mipata ya phiri. Nthano za akuluakulu zimatchula Abathwa, anthu aafupi osaka nyama amene ankakhala kuno kalekale. Amang'anja analima m'mbali mwa mitsinje. David Livingstone analiona phirili mu 1859 pa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa, ndipo nthawi yomweyo Ayao anali akulowa m'derali kuchokera kumpoto chakummawa. Mafumu monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu anakhazikika m'mphepete mwa phiri. Mpata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi unali njira ya amalonda opita kugombe la Quelimane, ndipo m'njira imeneyo munadutsa minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa m'magoli. Mu 1893 Angerezi anamanga linga la Fort Lister pa mpata womwewo kuti atseke njirayo, ndipo mabwinja ake alipobe. Munthu akaima pamenepo, n'kuona kukongola kwa malowo, amavutika kuvomereza kuti ana a anthu anadutsa apa akulira, akuliona phirili komaliza.

Kenako kunabwera tiyi. Mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi pa esiteti ya Thornwood pogwiritsa ntchito mbewu zochokera ku mishoni ya Blantyre, ndipo zinapezeka kuti chiperoni chija ndi nthaka yofiira ya m'munsi mwa phiri ndi zimene tiyi amafuna. Minda ya tiyi ya ku Mulanje ili m'gulu la minda yakale kwambiri mu Africa. Koma tiyi safuna mvula yokha, amafunanso manja. Manjawo ambiri anali a Alhomwe, amene anawoloka Ruo ndi Muloza kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Atafika anapeza malo abwino ali m'manja mwa azungu, ndipo kuti apatsidwe pomanga nyumba anayenera kugwira thangata. John Chilembwe, amene anaukira atsamunda mu 1915 ndipo thangata linali limodzi mwa madandaulo ake, anaphedwera m'dera la Mulanje lomweli akuthawira ku Mozambique. Zidzukulu za anthu aja ndi zimene lero zimavina tchopa pa Chonde, zimaphika kalongonda, zimagulitsa nanazi m'mbali mwa msewu, ndipo zambiri zikuthyolabe tiyi, dengu kumsana, m'minda imene si yawo. Kubiriwira kwa minda ya tiyi pansi pa phiri kumakongola zedi, ndipo sindingakane. Koma kuseri kwa mindayo kuli midzi yothithikana kumene banja lonse limadalira kamunda kosakwana ekala imodzi, ndipo munthu wopanda munda akayang'ana nkhalango amaona makala.

Makolo a anthu amenewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe omwe, ankaliopa phiri. Ankati pamwambapo pamakhala mizimu. Ankati ukapeza chakudya chokonzedwa kale m'njira, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, udye wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usatengeko popita kumudzi. Ankati pali malo osaloza ndi chala, osapitako mwachibwana, osalankhulako zachipongwe. Pa Dziwe la Nkhalamba, pamene Likhubula amagwera m'dziwe lozizira lakuya, anthu ankathira nsembe popempha mvula. Ena lero amaseka zimenezi. Ine sindiseka. Kaya munthu amapemphera kutchalitchi kapena kumzikiti, ayenera kuvomereza kuti anthu amene ankalowa m'nkhalango ndi mantha, n'kutenga chokwanira tsiku limenelo basi, anatisiyira phiri lodzaza ndi mikungudza. Ife amene timadziwa kutalika kwa Sapitwa mpaka mita yomaliza ndi amene tatsala ndi zitsa.

Ndipo mantha awo anali ndi chifukwa, pakuti mwala wopatsa madziwu umathanso kupha. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, nthaka yopyapyala ya pa matanthwe imakhuta, imasiyana ndi mwala, n'kutsika yonse pamodzi ndi mitengo ndi miyala yaikulu kuposa nyumba. Akuluakulu amati wadutsa Napolo. Mu March 1991 zinachitika ku Michesi, ndipo anthu mazanamazana a ku Phalombe anafa m'mawa umodzi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa pa phirili, mitsinje inasiya njira zake, midzi ya ku Muloza ndi madera ena inakwiririka, milatho inapita, ndipo pali mabanja amene mpaka lero sanaike m'manda abale awo chifukwa matupi sanapezeke. Mabala a zigumukire zimenezo akuonekabe pa nkhope ya phiri, mizere yoyera yotsika kuchokera pamwamba. Napolo analipo nkhalango zisanadulidwe, ndipo sindinganene kuti mitengo ikanaletsa zonse. Koma potsetsereka pamene pali mizu pamagwira nthaka kusiyana ndi pamene palimidwa mpaka kumwamba, ndipo anthu ambiri amene anafa ankakhala m'mphepete mwa mitsinje chifukwa kunalibe kwina koti amange.

Pa mapepala phirili ndi lotetezedwa kuyambira kale. Linakhala nkhalango ya boma mu 1927. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika pa zachilengedwe, ndipo mu July 2025 linalilemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa monga malo a mizimu. Komabe pansi pa udzu wa ku Lichenya pali miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, ndipo nkhani yoti ikumbidwe imazilala n'kudzukanso. Kukumba miyala imeneyi kumafuna kusenda nthaka yonse ya pamwamba, nthaka yomweyo imene imasunga madzi. Mgodi umatha pakapita zaka makumi angapo. Lichenya wakhala akuyenda kuyambira kusanakhale munthu wotchula dzina lake, ndipo ngati asiyidwa adzayendabe. Mafumu ndi anthu a ku Mulanje amene akhala akukana mgodi pamwamba pa phiri akunena zoona, ndipo boma liyenera kuwamvera.

Inu amene simunafikeko, pitani. Kwerani basi ya ku Mulanje, mutsikire pa Chitakale, mupeze wokuperekezani pa Likhubula, ndipo mumulipire bwino, chifukwa mnyamata amene akupeza ndalama poperekeza alendo sakwera phiri ndi sowo. Wina akakutsatsani bokosi kapena thabwa la mkungudza, musagule.